Kope Lachiwiri Likhale Kutali: Mafunso ndi Mayankho

Masiku ano chuma cha mabanki, mbiri ya odwala m'zipatala, kaundula wa nzika ndi malipiro a antchito sizikhalanso m'mabuku a zikuto zolimba amene akalaliki akale ankatsekera m'makabati achitsulo. Zimakhala m'makina osungira deta, amene amaunjikidwa m'nyumba zozizira zopanda mawindo, m'mene tinyali tobiriwira timaphethira usana ndi usiku. Nyumba zoterezo zimapsa, zimasefukira madzi, zimathimiridwa magetsi monga nyumba ina iliyonse yomangidwa ndi manja a anthu, ndipo pa chifukwa chimenechi amisiri anakonza njira yoti chilichonse cholembedwa m'makina a pamalo amodzi chizilembedwanso m'makina ena okhala kutali. Mafunso otsatirawa ndi amene munthu wosamala ayenera kufunsa asanaike mtima wake pa njira imeneyi.

Kodi kukopera deta kutali n'kutani kwenikweni?

Makolo athu, podziwa kuti matenda akalowa m'khola salekerera ndi mwana wambuzi yemwe, ankaikiza ziweto zina kwa mbale wa kutsidya la mtsinje, kuti tsoka likagwa pakhomo mbewu ya chiweto isathe. Nzeru yake ndi yomweyo. Bungwe limakhala ndi makina osungira deta kulikulu kwake, limaikanso makina ena ofanana nawo mumzinda wina, n'kuwalumikiza ndi chingwe cha faiba. Tsono nthawi iliyonse pamene kachidutswa ka deta kasintha kulikulu, makina a kulikuluwo amatumiza kusinthako kwa anzawo akutali, popanda munthu wonyamula disiki kapena wodina batani.

Makinawo safunsa kuti kachidutswako ndi chithunzi, ndi kalata kapena ndi ndalama za mwana wamasiye. Iwo amangoona kuti pamalo akutiakuti pa disiki palembedwa zatsopano, ndipo zimenezo amazitumiza mokhulupirika. Kampani ya EMC inatulutsa njira yake yotchedwa SRDF mu 1994; IBM inali ndi yake yotchedwa PPRC, imene pambuyo pake inadziwika ndi mayina a Metro Mirror ndi Global Mirror; Hitachi ili ndi TrueCopy, ndipo NetApp ili ndi SnapMirror. Mayina ndi ambiri, koma ntchito yake ndi imodzi.

Kodi nyumba zomangidwa mosamala chotere zingapsedi, kapena uku n'kuopseza kwa ogulitsa makina?

Tsoka silinunkha. M'bandakucha wa pa 10 March 2021 moto unabuka pamalo a kampani ya OVHcloud mumzinda wa Strasbourg ku France, nunyeketsa nyumba yonse yotchedwa SBG2 pamodzi ndi zipinda zina za nyumba yoyandikana nayo ya SBG1. Ndipo ngakhale nyumba zina ziwiri za pamalopo sizinapse, zinathimitsidwa, kotero kuti masamba a pa intaneti oposa 3 miliyoni anasowa tsiku limenelo. Palibe munthu amene anafa. Mwini kampaniyo, Octave Klaba, analangiza makasitomala m'mawa womwewo kuti ayambe kutsata mapulani awo a patsiku la ngozi, ndipo pamenepo mpamene ena anazindikira, mtima uli phaa, kuti makope amene ankalipirira mwezi ndi mwezi ankasungidwa pamalo omwewo amene anapsa. Khoti la zamalonda la ku Lille linalamula mu 2023 kuti kampaniyo ilipire ena mwa makasitomala oterewa, komatu chipepeso cha ndalama sichibweza kaundula amene wasanduka phulusa.

Zinachitikanso ku South Korea pa 26 September 2025, pamene mabatire anayaka m'nyumba ya makompyuta a boma mumzinda wa Daejeon, ntchito za boma zoposa 600 n'kuima. Zambiri mwa izo zinadzutsidwa pang'onopang'ono. Koma mosungira mafayilo a antchito a boma motchedwa G-Drive, mmene munali deta yokwana ma terabyte 858, munalibe kope kwina kulikonse, ndipo chifukwa chimene chinaperekedwa chinali chakuti detayo inali yochuluka kwambiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndimamva kuti pali njira ziwiri zokoperera. Zimasiyana pati?

Tiyeni titsate ndalama za mayi wina amene wafika pa kauntala ya banki kudzasungitsa K50,000. Kalaliki akadina batani, kompyuta imatumiza cholembacho ku makina osungira a kulikulu. M'njira yoyamba, imene amisiri amaitcha synchronous, makinawo safulumira kunena kuti zatheka: amayamba atumiza cholembacho kwa makina akutali, nadikira kufikira akutaliwo atayankha kuti alandira, ndipo pamenepo pokha mpamene amabweza mawu kwa kalaliki, lisiti n'kutuluka. Chotero lisiti limene mayiyo wapinda ndi kumanga pa msonga ya chitenje ndi umboni wakuti ndalama zake zalembedwa pamalo awiri. Likulu litapsa mphindi yomweyo, palibe tambala imene ingasowe.

M'njira yachiwiri, yotchedwa asynchronous, makina a kulikulu amalemba nayankha pomwepo, ndipo kutumiza kutali kumatsatira m'mbuyo, mwina patapita masekondi angapo, mwina mphindi zingapo ngati chingwe chadzaza. Lisiti limatuluka msanga, mzere wa anthu umayenda, koma pamakhala kampata kamene cholembacho chili pamalo amodzi okha. Ngozi ikagwa mkati mwa kampata kameneko, mayi uja adzabwera mawa ndi lisiti loona la ndalama zimene makina akutali sanazimvepo, ndipo ogwira ntchito adzayenera kufufuza m'mapepala ndi kulowetsanso ndi manja zonse zimene zinatsalira panjira.

Ngati njira yoyamba sitaya kanthu, bwanji osangoisankha nthawi zonse, makina achiwiriwo n'kuikidwa kutali kwambiri?

Pano pali malire amene ndalama sizingasunthe, pakuti anaikidwa m'chilengedwe. Kuwala kumene kumanyamula deta m'chingwe cha faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi; liwiro limeneli limaoneka ngati losawerengeka kwa munthu woyenda pansi, koma kwa kompyuta ndi ulendo weniweni. Makilomita 100 aliwonse amawonjezera milisekondi imodzi pa ulendo wopita ndi wobwera, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo apa sitinawerengere kukhotakhota kwa chingwe kapena kuchedwa kwa zida za panjira. Makina amakono amalemba m'nthawi yosakwana milisekondi imodzi. Tsono ngati bungwe lili ndi likulu ku Blantyre, makina ake achiwiri ali ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 300 potsata msewu, cholemba chilichonse chidzayembekezera mamilisekondi atatu kapena kuposapo. Ndipo ntchito imene inkalemba ka 1,000 pa sekondi motsatizana, cholemba china kudikira chinzake, idzatsika kufika pa 250 kapena pafupi pamenepo. Pa tsiku la malipiro a kumapeto kwa mwezi kutsika kotere kumaoneka ndi maso m'mizere ya pabanki.

N'chifukwa chake njira yodikirana imagwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa mitunda yaifupi, mkati mwa mzinda umodzi kapena pakati pa mizinda yoyandikana, ndipo ngakhale IBM inaika malire a Metro Mirror pa makilomita 300. Palinso vuto lina: chingwe chikaduka, makina a kulikulu ayenera kusankha pakati pa kuimitsa ntchito yonse ndi kupitiriza kulemba okha, chitetezo chitachoka. Mabungwe olemera amathawa msampha umenewu pokhala ndi malo atatu, achiwiri apafupi odikirana, achitatu akutali otsatira m'mbuyo; koma walira mvula walira matope, pakuti malo atatu ndi ndalama zitatu za magetsi, alonda, zingwe ndi malayisensi.

Nanga kutali kokwanira ndi makilomita angati?

Funso limeneli linavutitsa akuluakulu a zachuma ku America pambuyo pa 11 September 2001. Nsanja za World Trade Center ku New York zitagwa, kunapezeka kuti makampani ena anali ndi malo awo achiwiri m'dera lomwelo la kumunsi kwa Manhattan, ndipo ena amene anali nawo patali ndithu ankadalira zingwe za telefoni zodutsa m'nyumba ya kampani ya Verizon ya pa West Street, imene inawonongeka tsiku lomwelo. Msika wa masheya wa New York sunatsegulidwe kufikira pa 17 September. Mu April 2003 mabungwe atatu oyang'anira zachuma, Federal Reserve, OCC ndi SEC, anatulutsa malangizo. Ndipo ngakhale poyamba panali ganizo la mtunda wa mamailosi 200 kapena 300, pomaliza sanalembe nambala iliyonse, koma anati malo achiwiri asadalire antchito omwewo, misewu yomweyo, magetsi, madzi kapena zingwe zomwezo. Anaikanso cholinga chakuti mabungwe amene ali pamtima penipeni pa kulipirana kwa mabanki azitha kuyambiranso ntchito pasanathe maola awiri.

Ine ndiona kuti anachita bwino kukana nambala, pakuti chimene chifunika kuyezedwa ndi kukula kwa tsoka limene mukuliopa. Moto umatha nyumba imodzi. Madzi osefukira amatha chigwa chonse. Chivomezi kapena namondwe amatha chigawo. Ndipo pali zinthu zina zimene zimamanga pamodzi malo otalikirana popanda eni ake kuzindikira. Ku Malawi magetsi ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Pamene namondwe Ana anaphwanya damu la ku Kapichira mu January 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi ma megawatt 130, ndipo mdima unafika kumizinda imene madzi a namondweyo sanaiwononge. Bungwe lokhala ndi makina ku Blantyre ndi ku Lilongwe lili ndi malo awiri pa mapu, koma pa nkhani ya magetsi limamwa pa chitsime chimodzi, pokhapokha ngati malo onse awiri ali ndi majenereta ndi mafuta okwanira masiku ambiri. Chimodzimodzinso ndi zingwe: munthu angagule mizere iwiri kwa makampani awiri osiyana, n'kudzapeza kuti yonse imawoloka pa mlatho umodzi.

Amisiri amakonda kutchula RPO ndi RTO. Kodi ife eni bungwe zimatikhudza?

Zimakukhudzani inu koposa iwo. RPO ndi kuchuluka kwa ntchito imene mwavomereza kutaya, yoyezedwa ndi nthawi: ngati ndi mphindi 15, ndiye kuti tsoka likagwa mudzabwerera pamene zinthu zinali mphindi 15 zapitazo. RTO ndi kutalika kwa nthawi imene mwavomereza kukhala chotseka musanayambirenso. Manambala awiriwa sapezeka m'buku la makina. Amapezeka pofunsa kuti wodwala amene zotsatira za magazi ake zasowa adzavutika motani, kapena kuti mlimi amene wagulitsa fodya adzadikira masiku angati asanalandire zake.

Ndimadandaula ndikaona akuluakulu a mabungwe akusiyira chigamulo chotere mnyamata wa kuchipinda cha maseva, ngati kuti ndi nkhani ya mawaya chabe. Mmisiri angathe kunena mtengo wa kutaya masekondi asanu ndi mtengo wa kusataya kanthu. Koma amene adzaima pamaso pa anthu kufotokoza zimene zatayika ndiye ayenera kusankha, ndi kusaina dzina lake pansi pa chosankhacho. Sikutinso deta yonse ndi yofanana ulemu wake. Kaundula wa ndalama angafune kudikirana, pamene zithunzi za phwando la kumapeto kwa chaka zingakopedwe kamodzi pa sabata popanda wolira.

Ndikakhala ndi kope lakutali, kodi backup, ndiye kuti makope osungidwa a masiku am'mbuyo, ndi yofunikanso?

Inde, ndipo pa mafunso onse ili ndilo limene anthu ambiri amapunthwa nalo. Kumbukirani kuti makina aja amatumiza mokhulupirika chilichonse chimene chasintha, osafunsa kanthu. Wantchito akafufuta kaundula molakwitsa, kufufutako kumafika kutali pasanathe masekondi ochepa. Mbava za pa intaneti zikalowetsa pulogalamu yowononga yotchedwa ransomware n'kutseka mafayilo onse kuti zilandire dipo, makina akutali amalandira mafayilo otsekedwawo mwaulemu wonse, nalemba pamwamba pa abwino aja. Kukopera kutali kumakutetezani pamene nyumba yawonongeka. Pamene detayo ndiyo yawonongeka, mumangokhala ndi makope awiri a chinthu chovunda.

Nkhani ya kampani ya zombo ya Maersk imaonetsa kuopsa kwa kulumikiza zonse pamodzi. Pa 27 June 2017 pulogalamu yowononga yotchedwa NotPetya, imene inayambira ku Ukraine, inafalikira m'makompyuta a kampaniyo pa dziko lonse. Maseva amene ankasunga mayina ndi zilolezo za antchito anali ambiri, ali m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ankakoperana okhaokha, kotero kuti palibe amene ankaganiza zoti onse angafe tsiku limodzi; koma popeza onse anali pa netiweki imodzi, anafera limodzi. Chimene chinapulumutsa kampaniyo ndi seva imodzi ya mu ofesi ina kumadzulo kwa Africa, imene inali itazima chifukwa magetsi anathima chiwonongekocho chisanafike. Anamanganso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000 m'masiku khumi, ndipo anataya ndalama zapakati pa madola 250 ndi 300 miliyoni. Munthu sangamange mapulani ake pa mwayi wotere.

Chofunika tsono ndi makope amene amakumbukira dzulo ndi dzana. Makina ambiri amatha kujambula snapshot, ndiye kuti chithunzi cha deta yonse monga inalili pa ola lakutilakuti, chimene sichisintha ngakhale zapamwamba zitasintha; ndipo ena amalola kuti chithunzicho chikhomedwe kotero kuti ngakhale woyang'anira wamkulu sangachifufute tsiku loikika lisanakwane. Lamulo lakale la amisiri limati makope akhale atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kwina. Ndipo masiku ano anzeru amawonjeza kuti limodzi lisalumikizidwe ku netiweki konse. Matepi amene achinyamata amawayesa chinthu chachikale akusungidwabe m'mabungwe aakulu pa chifukwa chimenechi.

Kodi kope lakutali lingafike lonse koma n'kukhala losagwira ntchito?

Lingatero ngati dongosolo la kalembedwe lasokonekera. Kaundula wa ndalama amayamba walemba m'buku la zochitika kuti akuchotsa ndalama kwa uyu kupereka kwa uyo, kenako amasintha maakaunti enieniwo, ndipo kawirikawiri ziwirizi zimakhala pa madisiki osiyana. Disiki ina ikatsogola pofika kutali, inzake n'kutsalira, kope lakutalilo limakhala ndi ndalama zochotsedwa kuno zimene sizinafike uko. Chotero madisiki onse a ntchito imodzi amamangidwa m'gulu limodzi, kuti akaima aimire pamodzi pa mphindi imodzi. Kuli bwino kutsalira masekondi 30 zonse zili zogwirizana kusiyana ndi kutsalira sekondi imodzi zili zosemphana.

Tsoka likagwa, kodi makina akutali amayamba okha ntchito?

Angakonzedwe kuti azitero, koma pali ngozi imene iyenera kulingaliridwa mofatsa. Makina akutali akaleka kumva mawu a kulikulu, alibe njira yodziwira ngati likulu lapsa kapena ngati chingwe chokha chaduka. Akadzilonga ufumu likulu likadali moyo, pamakhala mafumu awiri m'mudzi umodzi, aliyense akulandira zolemba zake, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

Kampani ya GitHub, imene imasungira amisiri ntchito zawo zolemba mapulogalamu, inakumana nazo pa 21 October 2018. Pokonza chida china cha faiba kum'mawa kwa America, kulumikizana kunaduka kwa masekondi 43 okha. Koma m'kanthawi kameneko pulogalamu yoyang'anira inaganiza kuti likulu lafa, nisamutsira ulamuliro ku makina a kumadzulo kwa dzikolo. Kum'mawa kunatsala zolemba za masekondi angapo zimene zinali zisanafike kumadzulo, ndipo kumadzulo kunayamba kulandira zatsopano zimene kum'mawa sikunazidziwe. Kulunzanitsa mbali ziwirizo popanda kutaya za anthu kunatenga maola 24 ndi mphindi 11. Pofuna kupewa zotere amisiri amaika kakompyuta kena pamalo achitatu kuti kakhale mboni, ndipo mbali imene ikutha kulankhula ndi mboniyo ndiyo imapitiriza ntchito. Mabungwe enanso amasankha kuti munthu wodziwika ndi udindo wake, pamodzi ndi womutsatira akakhala palibe, ndiye azilengeza kuti tsopano tisamuke.

Bungwe laling'ono, monga sukulu kapena chipatala cha mishoni, lingakwanitse?

Silingagule makina awiri a mtengo wa mamiliyoni, koma lingachite zambiri ndi zochepa. Pali mapulogalamu aulere, monga rsync, DRBD ndi ZFS, amene amatumiza zosintha kuchoka pa seva ina kupita pa inzake, ndipo pali makampani obwereketsa malo osungira kudzera pa intaneti. Choyenera kuwerengera msanga ndi kukula kwa chingwe. Terabyte imodzi pa mzere wa ma megabit 100 pa sekondi imatenga maola oposa 22 ngati mzerewo sukuchita china chilichonse, n'chifukwa chake kope loyamba nthawi zina limanyamulidwa pa galimoto, chingwe n'kumangotumiza zosintha za tsiku ndi tsiku. Zonse zikhale zotsekedwa ndi makiyi achinsinsi, makiyiwo asasungidwe m'nyumba yomweyo imene mukuopa kuti ingapse. Ndipo musanatumize mbiri ya anthu kunja kwa dziko, funsani kaye zimene malamulo oteteza chinsinsi cha anthu amalola.

Tingadziwe bwanji kuti zonsezi zidzagwiradi ntchito pa tsikulo?

Poyesa, tsiku loipa lisanafike. Pa 31 January 2017 mmisiri wina wa kampani ya GitLab, atagwira ntchito mpaka usiku pofuna kukonza kukopera kumene kunali kutatsalira m'mbuyo, anafuna kufufuta zonse pa seva yachiwiri kuti ayambirenso, koma lamulolo analipereka pa seva yoyamba; pamene ankazindikira n'kuti deta pafupifupi ma gigabyte 300 itapita. Kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira makope, ndipo poziyang'ana imodziimodzi anapeza kuti zina zinali zitaleka kugwira ntchito mwakachetechete, zina sizinatsegulidwe nkomwe, ndipo makalata ochenjeza za kulepherako sankafika kwa munthu aliyense. Anapulumukira pa snapshot imene inajambulidwa maola asanu ndi limodzi m'mbuyomo pa chifukwa china, ndipo ntchito ya anthu ya maola amenewo inatayika. Ndiyenera kuwayamikira pa chinthu chimodzi: sanabise kanthu, anafotokoza poyera zonse zimene zinalakwika, ndipo sanapachike mlandu pa mmisiri uja yekha.

Kuyesa koona si kuyang'ana nyali yobiriwira pa makina. Ndi kusankha tsiku, kamodzi kapena kawiri pa chaka, kuzimitsa likulu mwadala, ndi kuona ngati kalaliki wa kunthambi angalandiredi ndalama kudzera m'makina akutali, wotchi ili m'manja. Pamenepo mpamene zobisika zimaululika: layisensi ya pulogalamu imene inalembetsedwa pa makina a kulikulu okha, seva yatsopano imene inawonjezedwa chaka chatha osaikidwa m'gulu lokopedwa, buku la malangizo limene likusungidwa pa kompyuta yomweyo imene yazima, nambala ya foni ya munthu amene anapuma pantchito kalekale. Poyesapo mmisiri wamkulu akhale pambali manja ali m'thumba, achinyamata atsate zolembedwa okha, pakuti ngozi ingagwe iye ali kumaliro kumudzi kumene foni sigwira. Ndipo ulendo wobwerera uyesedwenso: makina akutali akagwira ntchito sabata imodzi, ndiwo amakhala ndi deta yoona, kotero kuti kukopera kuyenera kutembenuzidwa kuti kuchokere kutaliko kupita kulikulu, ndipo likulu lisatsegulidwe kufikira zonse za sabata imeneyo zitafika.